LABOTALE YA ONSE NDI NDALAMA ZA OFUFUZA MATENDA

Munthu ali yense wogwira nchito ku migodi adziwa kuti palibe woboola miyala amene ali ndi kompresa yaceyace. Mphepo yoyendetsa makina ace icokera m'nyumba imodzi pamwamba pa nthaka, ndipo mipope iigawira kwa anthu mazana ambiri pansi. Nyale nazonso zidzazidwa moto m'nyumba imodzi. Mwala ukakumbidwa, zidutswa zace zipita kwa opima miyala, amene anena ngati muli mkuwa wokwanira kapena ai, ndipo opimawo satumikira kapitao mmodzi yekha. Mgodi umene ukadalamula kuti munthu ali yense adzigulire kompresa, ukadatsekedwa usanagulitse mkuwa ngakhale wa ndowa imodzi.

Nkhani ya lero ikamba za anthu ena amene nchito yao iyenda mwa njira yomweyi, ngakhale iwo abvala malaya oyera m'malo mwa cisoti ndi jombo. Anthuwa ndiwo ofufuza matenda, ndiko kuti madotolo ndi ophunzira ena amene afunafuna cimene cidwalitsa anthu, ndi mankhwala amene angawacize. Nyumba yao yopimiramo magazi, makhololo ndi tizirombo ichedwa labotale. Ambiri ayesa kuti wofufuza ayamba walandira ndalama, ndipo pambuyo pace amanga labotale. Koma sizitero ai. Labotale ndiyo iyamba kukhalapo, ndipo ndalama ziilondola.

Ca m'ma 1930, pamene mgodi wa Roan Antelope unali kuyambika ku Luanshya, anthu anali kufa kwambiri ndi malungo ndi matenda a m'mimba, kotero kuti mbiri inabuka yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli njoka yaikulu yakupha anthu, ndipo ambiri anathawa nchito. Eni mgodi anaitana Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London, amene analangiza kuti m'madambo mukumbidwe ngalande, mtsinje uongoledwe, ndi madzi oima athiridwe mafuta. Imfa zinacepa m'zaka zowerengeka. Pa nthawi imeneyo panalibe kupempha kwa munthu: kampani inapisa m'thumba mwace cifukwa inafuna anchito amoyo.

Masiku ano wofuna kufufuza matenda alemba kalata yaitali yopempha ndalama, naitumiza ku mabungwe a kutali, monga National Institutes of Health la boma la America, Wellcome la ku London, kapena EDCTP limene maiko a ku Ulaya analikhazikitsa m'caka ca 2003 kuti lithandize kuyesa mankhwala mu Africa. Makalata otere afika zikwizikwi, ndipo akatswiri ena awaweruza monga pa mpikisano. Ku National Institutes of Health, kwa zaka zambiri, pa makalata 5 ali onse inali kupambana imodzi yokha, kapena pafupi ndi apo. Ena onsewo anali kubwezedwa ndi mau aulemu.

Oweruza ayamba ayang'ana ngati funso la wopempha liri lanzeru. Koma nzeru yokha sikwanira, pakuti opempha anzeru ali ambiri. Afunanso kuona kuti munthuyo anayamba kale kuyesa pang'ono, napeza kanthu kosonyeza kuti sali kulota. Ndiponso m'kalata ya ku America muli tsamba limene wopempha ayenera kulongosolapo nyumba imene adzagwiriramo nchito: zipinda, makina, mafiriji, ndi anthu odziwa kuziyendetsa. Apa ndipo pali msampha wa wofufuza wosauka. Kuti alandire ndalama ayenera kusonyeza zimene wapeza kale. Kuti apeze kanthu afuna makina. Ndipo makinawo afuna ndalama.

Nkhaniyi imveka bwino poganizira dotolo wacicepere wa ku Copperbelt, amene waona kuti amuna ambiri ogwira nchito pansi abwerera ku cipatala ndi cifuwa cacikulu ca TB kaciwiri, ngakhale anatsiriza mankhwala ao onse. Adziwa kuti fumbi la miyala lilasa mapapu, ndi kuti ofufuza a ku migodi ya golide ya ku South Africa anapeza kuti munthu wa silikosi adwala TB pafupifupi katatu kuposa mnzace wa mapapu abwino. Funso la dotoloyo ndi ili: kodi kacirombo kakale ndiko kadzukanso, kapena munthuyo watenga kena katsopano ku komboni kapena m'basi? Yankho lace liri ndi kanthu. Ngati ndi kakale, cofunika kukonza ndico kaperekedwe ka mankhwala. Ngati ndi katsopano, cofunika ndico kupeza amene ali kupatsira anzao, ndi kuteteza munthu wa mapapu olasidwa kale.

Kuti ayankhe, ayenera kumeretsa tizirombo ta m'makhololo m'timabotolo. Tizirombo ta TB tikula pang'onopang'ono, ndipo kabotolo kasungidwa pa kutentha kwa thupi la munthu mpaka masabata 6 asananene kuti mulibe kanthu. Nchito imeneyi singacitike m'cipinda wamba, pakuti wopima angapume tiziromboto nadwala iye mwini. Pafunika cipinda cimene mpweya wace ukokedwa ndi makina nusefedwa usanatuluke kunja. Pambuyo pace tizirombo ta kudwala koyamba ndi ta kudwala kwaciwiri tiyerekezedwa pa makina owerenga DNA, ndiyo mbeu ya cibadwa imene isiyanitsa mtundu wina ndi unzace. Makina amene malabotale ambiri agwiritsa pa nchitoyi agulidwa pa madola a America ngati 100,000, ndipo akulu ace afika pafupi ndi 1,000,000. Palibe dotolo amene angawagule ndi malipiro ace.

Koma ngati pafupi pali labotale ya onse imene iri nazo kale zinthu izi, dotoloyo atenga cilolezo kwa odwala eni ace ndi kwa kabungwe koyang'anira ufulu wao, napita kwa mkulu wa labotale kukapempha kuti ampimire makhololo a anthu 20 okha. Mtengo wa kupima kotere akhoza kuupeza ndi kathandizo kakang'ono. Zimene apeza azilemba m'kalata yace, naphatikapo kalata ya mkulu uja yocitira umboni kuti makina alipo, ndi kuti dotoloyo adzaloledwa kuwagwiritsa nchito. Tsono oweruza a ku London kapena ku America saonanso munthu wobwera cimanjamanja; aona munthu wa munda wolimidwa kale, amene asowa mbeu yokha. Ndalama zimene apempha zicepanso, pakuti sapempha zogulira makina, koma zolipirira kupima.

Opereka ndalama nao anazindikira kale kuti kugulira munthu mmodzi makina a mtengo wapatali ndiko kutaya cuma, cifukwa makinawo agwira nchito masiku awiri nagona mwezi wathunthu. Cifukwa cace National Institutes of Health linaika thumba lapadera logulira makina akulu m'mayunivesite a ku America, ndi lamulo lakuti pakhale ofufuza osacepera 3, ali yense ndi nchito yace yolipiridwa kale, amene adzagwiritsa makinawo pamodzi.

Dziko la Zambia liri ndi citsanzo cace pakati penipeni pa migodi. M'caka ca 1975 bungwe la World Health Organization, pamodzi ndi boma la Zambia, linatsegula nyumba yofufuzira matenda a m'maiko otentha m'zipinda za pamwamba za cipatala cacikulu ca Ndola. Nyumbayi yadziwika kwa zaka zambiri ndi dzina la Tropical Diseases Research Centre, mwacidule TDRC. Caka comweco bungwelo linali kuyambitsa nchito yolimbana ndi matenda 6 amene opanga mankhwala sanali kuwasamala, popeza odwala ace ali amphawi. Pakati pa matendawo panali malungo, likodzo, kaodzera ndi khate. Mu 1981 nyumba ya ku Ndola inalowa m'manja mwa boma la Zambia, ndipo mu 1982 Nyumba ya Malamulo inaikhazikitsa ndi lamulo lacelace.

Phindu linaoneka msanga. Makampani awiri a ku Germany, Bayer ndi Merck, anali atapeza mankhwala atsopano ochedwa praziquantel, ndipo panafunika malo oyesera ngati aciza likodzo. Odwala likodzo ali ponseponse, kotero kupeza odwala sikunali kobvuta. Cosowa cinali malo okhala ndi anthu odziwa kusefa mkodzo, kuika sefayo pansi pa galasi lokuza zinthu, ndi kuwerenga mazira a nyongolotsi limodzilimodzi, munthu asanamwe mankhwala ndi atamwa, nalemba zonse m'buku mosanama. Ndola inali nao anthu otere ndi magalasi otere. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1979, ndipo zinathandiza kuti mankhwalawo akhulupiridwe. Akulu amene akumbukira jekeseni zowawa za masiku ambiri, zimene odwala likodzo anali kulasidwa kale, adziwa kusiyana kwace ndi mapiritsi amene ana a sukulu amwa tsiku limodzi masiku ano. M'zaka zotsatira, mankhwala a malungo ochedwa mefloquine anayesedwanso ku Ndola komweko.

Nchito ya likodzo itatha, magalasi sanatayidwe, ndipo anthu ophunzitsidwa sanabwerere kumudzi. Nchito iri yonse inasiyira inzace kanthu: firiji, galimoto, kapena munthu wodziwa. Pamene boma linafuna kudziwa kuculuka kwa HIV m'dziko lonse m'zaka za 2001 ndi 2002, madontho a magazi ouma pa mapepala anatumizidwa ku Ndola, ndipo kunapezeka kuti pafupifupi anthu 16 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kacirombo. Pamene dziko linawerenga odwala TB mu 2013 ndi 2014, labotale ya ku Ndola inali imodzi mwa zimene zinameretsa makhololo. Anapezeka odwala 638 mwa akulu 100,000 ali onse, ndipo Copperbelt inaposa zigawo zonse.

Mu 2010 National Institutes of Health linapereka ndalama zokhazikitsira magulu 10 ofufuza malungo pa dziko lonse lapansi. Gulu la kum'mwera kwa Africa linatsogoleredwa ndi yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America, ndipo linagwira nchito pa malo atatu: Macha m'boma la Choma, Mutasa ku Zimbabwe, ndi Nchelenge m'mphepete mwa nyanja ya Mweru, kumene ofufuza a ku Ndola ndiwo anali eni nchito. Ndalama zotere sizipita kumene kuli udzudzu wambiri cabe, zipita kumene kuli wodziwa kuupima. Pali mitundu iwiri ya udzudzu, Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis, imene ifanana kotero kuti ngakhale katswiri woyang'ana pa galasi sangaisiyanitse. Koma woyamba ukonda kuluma anthu m'nyumba usiku, pamene waciwiri uluma ng'ombe ndi anthu omwe, ndipo kawirikawiri ulumira panja. Masikito ateteza bwino ku woyambawo kuposa ku waciwiri. Cosiyanitsa mitunduyi ndico makina ochedwa PCR, amene aculukitsa kacidutswa ka DNA ya m'mwendo umodzi wa udzudzu kufikira kaoneke. Makina omwewo lero apima udzudzu wa wofufuza uyu, mawa apima magazi a wofufuza wina.

Omvera ena adzaseka pakumva kuti kuli anthu olipidwa kuweta udzudzu m'cipinda monga nkhuku. Koma popanda udzudzu woweta, umene udziwika kuti ufa ndi mankhwala, palibe coyerekezera naco udzudzu wa kuthengo. Mwa njira zimenezi ofufuza anapeza kuti ku Nchelenge wofalitsa malungo kwambiri ndi mtundu winanso, Anopheles funestus, kuti uculuka ngakhale m'cilimwe cifukwa ca madambo osaphwa, ndi kuti sufa bwino ndi mankhwala amene anali kupakidwa pa masikito.

Komatu walira mvula walira matope. Kugula makina ndiko kuyamba cabe. Caka ndi caka afuna mmisiri wowakonza, amene kawirikawiri acokera kunja pa ndege. Afuna mankhwala opimira, amene akacedwa pa malire kapena akatenthedwa pa njira afika atafa kale. Ndipo firiji ya labotale si ya mowa ndi nyama ai: isunga magazi pa madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo magetsi akazima tsiku limodzi kapena awiri popanda jenereta, zimene anthu anasonkhanitsa m'midzi kwa zaka 10 zikhoza kuonongeka zonse. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndi magetsi anali kusowa maola ambiri tsiku ndi tsiku, wosunga firiji yotere anayenera kuwerenga dizilo monga mai awerengera ufa kumapeto kwa mwezi.

Nanga alipira ndani zimenezi? Pamwamba pa ndalama za kufufuza pali gawo loonjezera, lolipirira nyumba, magetsi, madzi ndi makalaliki. Kwa zaka zambiri mayunivesite akulu a ku America alandira kwa National Institutes of Health madola oposa 50 pa madola 100 ali onse a nchito, pamene mabungwe a kunja kwa America, ndi a mu Africa omwe, alandira madola 8 okha. Mu February 2025 bungwelo linalengeza kuti lidzadula gawo la mayunivesite a kwao kufika pa 15. Mayunivesitewo anathamangira ku khoti, nanena kuti malabotale ao sangayende pa ndalama zotere, ndipo woweruza analetsa kudulako. Ngati olemera alira pa 15, zioneka poyera kuti wa 8 sangasunge firiji ali yekha. Iye apulumuka pokhapokha nchito 5 kapena 10 zikasonkha madola ao 8 pa nyumba imodzi ndi jenereta imodzi.

Bvuto lina licokera kwa ofufuza eni ace, ndipo siliyenera kubisidwa. Zicitika kuti makina ogulidwa m'dzina la onse atsekeredwa m'cipinda ca mkulu mmodzi, kiyi iri m'thumba mwace, mwiniyo ali ku msonkhano kutsidya la nyanja. Wophunzira adikira pa khomo kufikira tsiku lotsiriza lotumizira kalata yace lapita. Labotale yoyenda bwino icita monga cigayo cabwino: pali mzere, wofika poyamba agaya poyamba, ndipo mtengo ulembedwa pa khoma kuti profesa ndi wophunzira auone cimodzimodzi. Mtengowo uyenera kukhalapo ndithu. Kupima kwaulere kukoma caka coyamba; caka caciwiri makina afa, nasowa wowaukitsa.

Pali munthu mmodzi amene dzina lace silimveka pa wailesi, ngakhale kalata ya dotolo itsamira pa iye. Ameneyu ndiye wopima wa m'labotale, amene wakhala pa makina amodzi zaka zambiri, nadziwa kulira kwao akayamba kudwala. Nthawi ndi nthawi bungwe lapadera limtumizira timabotolo timene yankho lace lidziwika kwa otumiza okha. Akayankha bwino, labotale isunga cikalata cace ca umboni, cimene ambiri acidziwa ndi dzina la ISO 15189. Akalakwa kawirikawiri, cikalata cikhoza kulandidwa, ndipo oyesa mankhwala atsopano apita kwina. Munthu wotere akacoka cifukwa malipiro ace anatha pamodzi ndi nchito imene inamlemba, labotale itaya cinthu cimene sicigulidwa ku sitolo.

Kale magazi ambiri a anthu a mu Africa anali kukwera ndege kupita ku Ulaya ndi ku America, popeza makina anali kumeneko. Opima kumeneko ndiwo anali kuika maina ao patsogolo pa zolembedwa, ndiwonso anali kupambana ndalama zotsatira. Ndipo dotolo amene anayenda m'matope kukatenga magaziwo anali kutsala wothandizira cabe. Mu 2013 Zambia inapanga lamulo la National Health Research Act, limene liletsa kutumiza kunja magazi ndi zina za m'thupi la munthu popanda cilolezo. Lamulo ili ndi labwino, koma lamulo silipima magazi. Cimene makina okhala kwao angacite cinaoneka ku Botswana, kumene kuli labotale ya ku Gaborone imene inamangidwa cifukwa ca HIV. Mu November 2021 Dr. Sikhulile Moyo ndi anzace a m'labotale imeneyo anaona mtundu wacilendo wa kacirombo ka COVID-19, pa masiku omwewo amene anzao a ku South Africa anauonanso, ndipo pa 26 November World Health Organization linaucha Omicron. Dziko lonse linamva kwa anthu a kum'mwera kwa Africa, pakuti nyumba, makina ndi opima zinali cikhalire.

Thandizo la kunja siliri la muyaya. Mu 2025 boma la America linadula ndalama zambiri za umoyo zopita ku maiko ena, ndipo mu May caka comweco National Institutes of Health linaimitsa njira yakale imene mayunivesite a ku America anali kugawira nayo ndalama kwa anzao a kunja, nanena kuti lidzakonza ina. Nchito zina zinaima pakati. Koma firiji sidziwa kuti thandizo laima. Ifuna magetsi usiku womwewo. Mu 2008 nduna za umoyo za mu Africa zinasonkhana ku Algiers, nizilonjeza kupatula madola 2 pa 100 ali onse a umoyo kuti akhale a kufufuza. Maiko amene anasunga lonjezo limeneli ali ocepa.

Dotolo wacicepere uja sangalembe pa tsamba la makina cinthu cimene kulibe, pakuti opereka ndalama akhoza kutumiza anthu ao kudzaona ndi maso. Odwala ace ndi amuna amene fumbi la migodi liri m'mapapu mwao, ndipo eni migodi a 1930 anaonetsa kale ku Luanshya kuti kampani ikhoza kulipira nchito yotere ikafuna. Galimoto imodzi mwa zazikulu zija zonyamula miyala ku migodi ya pamtunda igulidwa pa madola mamiliyoni angapo, ndiko kuposa mtengo wa makina akulu owerenga DNA, pamodzi ndi firiji ndi jenereta yace.